Kamera Idatifera M'manja

Kamera yathu idafa Lachinayi madzulo kuno ku Nkhudzi, kutatsala masiku awiri kuti mlongo wathu amange nikaha. Tinkaikamo pulogalamu yatsopano yoiyendetsa, batire n'kuthera panjira. Kulakwa kudali kwathu, sitidalitchaje mokwanira.

Tidachotsa batirelo, kulitchaja usiku wonse, kubwezeramo. Kuli zii. Tidakopera pulogalamuyo pakhadi lina, osathekabe. Wokonza wa ku Mangochi boma adangopukusa mutu, nati pulogalamu yakale idafufutika yatsopano isadakhazikike.

Komatu mtima wathu udali pakhadi loyamba lija. Mudali zithunzi za malemu agogo akuyanika usipa pathandala. Titalilowetsa m'kompyuta ya mnzathu, agogo adatulukira, akuseka, mpango utapendekeka. Amayi adatipempha kuti tisazimitse msanga.