Chilombo chobisala ndicho chimaopsa

Anzanga ambiri amene akujambula mafilimu ndi foni amaganiza kuti filimu yoopsa imafuna magazi ambiri ndi matsenga apakompyuta. Ine ndimatsutsa, ndipo anandiphunzitsa ndi agogo anga a ku Monkey Bay, amene ankachita zisudzo m'masukulu ndi m'matchalitchi ali anyamata.

Nthawi yawo kunalibe kanema, paja TVM inayamba mu 1999. Ankamvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndipo kulira kwa chitseko kokha kunkawachititsa nthumanzi. Mavidiyo atafika m'timashowu ta jenereta, anaonera Jaws ya 1975 ndi Predator ya 1987. Amati chinawagwira mtima n'chakuti shaki ija imachedwa kuoneka, ndipo chilombo chosaka Arnold Schwarzenegger m'nkhalango chimabisa nkhope mpaka chakumapeto. Munthu wakunyanja sangadabwe nazo. Ng'ona ya mu Shire imaopsa ikamira, osati ikamaothera dzuwa pamchenga.

Nzeru imeneyi ankaigwiritsa ntchito pasiteji. Mfiti sankaionetsa. Ankazimitsa nyali, wina n'kumakanda chitini kuseri kwa nsalu, ana n'kuthawira kwa amayi awo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti luso lotereli silinalembedwe. John Nyanga, Izeki uja, anamwalira mu 2016, mnzake Eric Mabedi mu 2021. Iwowo anali otchuka, koma azisudzo akumudzi amapita ngakhale nyuzipepala osawatchula. Tchuthi chikubwerachi, musanajambule filimu yanu, kakhaleni pansi ndi achikulire otere, mutsegule rekoda ya pafoni, muwafunse mmene ankaopsezera mudzi wonse ndi nyali imodzi.