Adokotala athu amafunsa ndani?

Usiku wathawu ndinagona pa benchi pachipatala china kumwera kwa Mzimba kuno, kudikirira alamu anga. Cha m'ma 1 koloko ndinaona a clinical officer ataima pakhonde, foni ataikweza m'mwamba, akusaka netiweki kuti chithunzi cha X-ray chipite pa WhatsApp kwa anzawo a ku Mzuzu. Anali okhaokha. Yankho litabwera anathamangira mu wodi, alamu anathandizika.

Ife timangoti "adokotala", koma ku Jenda, ku Khosolo, ku Edingeni, amene amatigwira thupi nthawi zambiri ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, lero ili mu yunivesite ya KUHeS, komabe madokotala ochokera kumeneko safika ambiri kumidzi.

A Medical Council of Malawi amafuna aliyense wogwira ntchito zachipatala azipitiriza kuphunzira. Nzabwino. Koma munthu akapita ku maphunziro ku Lilongwe, odwala amatsala ndi ndani? Bwanji akatswiri ophunzitsawo azibwera okha, azikhala sabata ku Embangweni kapena pa boma, aziyendera limodzi mawodi ndi anthu athuwa?