Ampulifaya ya m'nyumba yogawana khoma

Ambirife tinakula tikudziwa kuti gumbagumba yabwino ndi imene ikumveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Pachinkhoswe ku Ndirande, kapena pa ogulitsa makaseti mumsika wa Limbe, ulemu unali paphokoso. N'chifukwa chake anzanga kuno ku Leicester, poti amadziwa kuti ndimagwira ntchito ya makompyuta, funso lawo limakhala limodzi: "Aise, ndigule ampulifaya ya mawatsi angati?" Ine ndimati ayambe andiuza kukula kwa balaza lawo, komanso amene amagona kuseri kwa khoma.

Amene mumakhala ku Spinney Hill mukudziwa chimene ndikunena. Nyumba zathu zambiri kuno ndi zija za njerwa zofiira zondandana ngati mdadada, zomangidwa kalekale mzindawu ukutchuka ndi mafakitale a masokosi ndi nsapato. Khoma limodzi, mabanja awiri. Kumanja kwathu kuli bambo wachikulire wachimwenye amene anabadwira ku Limbe, ndipo m'mawa uliwonse amandipatsa moni m'Chichewa chosakayikitsa. Mwana wawo amagwira ntchito usiku, masana amagona. Munthu wotero simungafune kuti akudziweni chifukwa cha bezi. Ndipo lamulo la Noise Act la 1996 limapatsa khonsolo mphamvu pa phokoso la pakati pa 11 koloko usiku ndi 7 koloko m'mawa.

Nkhani yanga inayamba pamene mnzanga wa kuntchito ankasamuka n'kundisiyira masipika awiri a Wharfedale Diamond 9.1. Masipika otere paokha saimba, amafuna ampulifaya yowapatsa mphamvu. Tinakhala pansi ndi mayi akunyumba, kuwerengera renti, gasi wa m'nyengo yozizira, ndi fizi ya mwana wa mchemwali wanga kumudzi imene imafunika mu Januwale. Iwo anangoti, "Bambo a ana, gulani, koma fizi isakhudzidwe." Tinagwirizana mapaundi 150, osapitirira.

Mwina wina afunsa kuti nanga foni siimba? Imaimba, koma mawu amatuluka opanikizika ngati munthu akulankhulira m'chitini. Mwana wathu wamkazi amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Ndinkafuna kuti Lucius Banda akamaimba, kapena makwaya a kwathu Lamulungu m'mawa, iye azimva liwu lililonse bwinobwino, ngakhale titatsitsa voliyumu. Zimene ndinkasaka zinali zimenezo basi.

Choyamba, tembenuzani sipika muwerenge kumbuyo, kapena fufuzani dzina lake pa intaneti. Pali manambala awiri ofunika. Ina ndi ya ma ohm, imene imanena kuti sipikayo imakoka magetsi ochuluka bwanji. Nambala ikatsika, ampulifaya imagwira ntchito yolemera ndipo imatentha. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala 4, 6 kapena 8. Anga ndi 6. Onetsetsani kuti kumbuyo kwa ampulifaya, pamene pamalowa mawaya, palembedwa nambala yofanana ndi yanu kapena yocheperapo. Nambala inayo ndi ya ma dB, imene imanena phokoso limene sipika imatulutsa ikapatsidwa watsi imodzi, munthu ataima mita imodzi. Anga ndi 86. Kuti muone kuti 86 si masewera, malamulo a pantchito kuno amakakamiza bwana kuteteza makutu a antchito ngati phokoso la tsiku lonse likufika 85. Ndiye kuti watsi imodzi yokha yakwanira kale kusokoneza macheza pabalaza.

Tsono apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mukawirikiza mawatsi kawiri, phokoso limangokwera ndi 3 dB, kusintha kochepa ndithu m'khutu. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, pamafunika mawatsi ochuluka kakhumi. Choncho ampulifaya ya mawatsi 100 siposa ya 50 monga mmene mtengo wake ungakuganizitsireni. M'balaza la mamita atatu kapena anayi, mawatsi 30 mpaka 60 mbali iliyonse ndi okwanira, enanso n'kutsalako. NAD 3020, imene inatuluka mu 1978 ndipo anthu akuisakabe mpaka lero, inalembedwa mawatsi 20 okha mbali iliyonse.

Chenjerani ndi makatoni olembedwa 2000W PMPO, a magetsi othwanima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yoona ndi yolembedwa RMS kapena continuous, yotchula ma ohm, mbali zonse ziwiri zikuimba. Komanso musapite pansi kwambiri. Ampulifaya yofooka mukaikakamiza, mawu amayamba kuphwanyika, ndipo kuphwanyikako ndi kumene kumawotcha kasipika kakang'ono kapamwamba kaja. Mukamva mawu ayamba kukanda m'khutu, tsitsani msanga.

Njira ndinaziona zitatu. Yoyamba ndi kugula yatsopano kusitolo ngati Richer Sounds, kumene mungamvetsere kaye musanalipire. Yamaha A-S301 ili ndi mawatsi 60 mbali iliyonse ndi polowetsa waya wa TV. Denon PMA-600NE ili ndi Bluetooth m'kati momwe. Zonse ndi zabwino, koma zinadutsa malire athu. Yachiwiri ndi timaampulifaya ting'onoting'ono ta Class D, monga ta Fosi Audio, tokwana m'dzanja, tosatentha kwambiri ndiponso tosadya magetsi ambiri. Kwa wokhala m'chipinda chimodzi, amene amangolumikiza foni, n'tokwanira. Ine ndinali ndi TV, choimbira ma CD ndi foni, ndiye ndinkafuna malo olowetsa mawaya ambiri. Yachitatu ndi kaunjika wa zamagetsi: eBay, Gumtree, Facebook Marketplace, kapena masitolo a British Heart Foundation a mipando ndi zamagetsi, kumene katundu amamuyesa kaye asanamuike pashelefu.

Ndinatenga njira yachitatu. Ndinapeza NAD C320BEE, ya mawatsi 50 mbali iliyonse, kwa bambo wina wa ku Wigston. Ndinapita ndi waya ndi nyimbo yanga imene ndimaidziwa mpaka popumira woimba. Inunso muzitero. Mvetserani sipika ya kumanzere payokha, kenako ya kumanja. Zungulizani voliyumu pang'onopang'ono, mumve ngati ikuthetheka. Yesani malo onse olowetsa mawaya. Isiyeni iimbe mphindi 20, kenako gwirani pamwamba ndi kununkhiza. Kufunda n'kwachibadwa, fungo la kupsa ayi. Wogulitsa akakana kuti muiyese, tsanzikani mwaulemu. Kumbukirani kuti masiku 14 obwezera katundu wogula pa intaneti amagwira ntchito mukagula kwa wabizinesi, osati kwa munthu wamba.

Ndinalipira mapaundi 100. Kachipangizo kolandirira Bluetooth ndi mawaya wamba a mkuwa zinatenga mapaundi 30. Musanamizidwe kuti waya wodula ndiye umaimba; wokhuthala bwino, wofiira ku chofiira, wakuda ku chakuda, basi. Chimene chinasintha mawu kwambiri chinali chaulere: masipika ndinawachotsa pakhoma logawana ndi aneba, n'kuwakweza kuti afanane ndi makutu munthu akakhala pampando. Bezi imayenda m'khoma ndi pansi, ndiye mukasiya mpata kumbuyo, mawu amayera ndipo woyandikana naye amagona mtendere. Ubwino wina, mapulagi ndi mphamvu ya magetsi kuno n'zofanana ndi za ku Malawi, choncho tsiku lobwerera kumudzi ampulifayi idzangokwera nawo m'kontena.

Mapaundi 20 otsalawo anapita pamwamba pa fizi. Voliyumu sinafikepo ngakhale theka. Masiku ano mwana uja amaimitsa nyimbo pakati n'kufunsa kuti, "Adadi, chilungamo ndiye kuti chiyani?" Funso limenelo ndi lovuta kuposa la mawatsi, ndipo ine ndi amayi ake tikumuyankhabe pang'onopang'ono.