Kamera Yakale kapena Yatsopano?

Ife timaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba m'mudzi wina wa m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Timakumana masana, anthu akaweruka kumunda. Ophunzira alipo 24, ndipo ambiri ndi amayi. Ena ndi a msinkhu wa makolo athu, pakuti ife sitinakwanitse zaka 30.

Kuwonjeza pa maphunziro, tiri ndi munda wa gulu. Timalimamo mbatata ya kacewere. Kwa zaka ziwiri tinagulitsa mbatata ndi kusunga ndalama zonse. Tsiku lina tinakhala pansi kuti tipangane. Ndalamazi tigule ciani?

Tinagwirizana kuti tigule kamera. Zifukwa zinali zitatu. Coyamba, mwana akamalembetsa sukulu ya sekondale, kapena munthu akafuna zikalata zina, pamafunika kacithunzi ka nkhope. Anthu amapita ku Ulongué kukajambulitsa, nataya tsiku lonse pamodzi ndi ndalama ya ulendo. Caciwiri, pa maukwati ndi pa ubatizo gulu lingathe kujambula ndi kulandira malipiro. Cacitatu, agogo athu akumwalira osasiya cithunzi, ndipo adzukulu sadzaidziwa nkhope yao.

Mnyamata wina anafunsa kuti, "Bwanji osangojambula ndi foni?" Funso linali labwino. Koma mafoni ambiri m'mudzi mwathu ndi a mabatani. Foni yabwino iri ndi mwini wake, ndipo akacoka nayo nchito yaima. Ife tinkafuna cida ca gulu lonse.

Gulu linatuma anthu atatu kumzinda wa Tete: abambo apampando, amayi osunga cuma, ndi ife aphunzitsi. Amayiwo anamanga ndalama pa mfundo ya citenje, ndipo m'njira monse dzanja lao silinacoke pamenepo.

M'sitolo ina tinapeza makamera awiri okwanira ndalama zathu. Onse anali ogwirapo kale nchito. Wogulitsa anawaika patebulo.

Yoyamba inali yaikulu ndi yolemera. Dzina lake Nikon D700. Inatuluka m'caka ca 2008, ndipo anaipangira akatswiri amene kujambula ndiyo nchito yao. Yaciwiri inali yaing'ono ndi yopepuka. Dzina lake Nikon D3500. Inatuluka m'caka ca 2018, ndipo anaipangira anthu oyamba kumene.

Tinene zoona. Ife aphunzitsi mtima wathu unagwera pa yaikuluyo. Titaigwira tinamva ngati tasanduka atolankhani. Tinaganiza za mmene anthu adzatiyang'anire pa ukwati, kamera yakuda iri pacifuwa. Tinatsala pang'ono kunena kuti, "Amayi, masulani ndalama."

Koma amayiwo anati, "Aphunzitsi, inu mumatiuza kuti tisasaine pepala tisanaliwerenge. Nanga cinthu ici taciwerenga?"

Tinacita manyazi. Safunsa anadya phula. Tinapempha wogulitsa kuti atilole kulemba zonse za makamera awiriwo. Mlongo wathu wophunzira kumzindako anatithandiza kufufuza zina pa kompyuta. Tinabwerera kumudzi osagula kanthu, koma kope lathu linali lodzaza.

Tsiku lotsatira phunziro lathu linali la kamera. Tinalemba mzere pakati pa bolodi. Kumanzere tinalemba YAKALE, kumanja YATSOPANO.

Tinayamba ndi kulemera. Yakale imalemera magalamu 995, batire ndi diso lake zisanaikidwe. Kumeneko ndi kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Yatsopano imalemera magalamu 365. Ophunzira anacotsera okha: 995 kucotsapo 365 atsala 630. Abambo ena anati, "Khasu lolemera limalowa bwino m'nthaka." Amayi ena anayankha, "Inde, koma pofika masana mkono watopa."

Kulemerako kuli ndi cifukwa cake. Thupi la yakale ndi lacitsulo, ndipo m'malo molumikizira anaikamo mphira yochinga fumbi ndi madontho a mvula. Yatsopano iribe citetezo cotere. Kwathu kuno fumbi limaculuka m'cilimwe, ndipo mvula ya mawawa siisowa. Pamenepa yakale inapambana.

Kenaka tinafotokoza za mkati. M'kamera ya masiku ano mulibe filimu. Muli kagalasi kolandira kuwala, kamene amakacha sensa. Kuwala kumalowa pa diso la kamera, ndiko kuti lenzi, nkukagwera pa kagalasiko. Ka yakale ndi kakakulu: mamilimita 36 m'litali, pafupifupi 24 m'lifupi. Ka yatsopano ndi mamilimita 23.5 m'litali, 15.6 m'lifupi. Ndiye kuti ka yakale kamaposa kanzake kawiri ndi pang'ono. Denga lalikulu limatunga madzi ambiri a mvula. Comweconso kagalasi kakakulu kamatunga kuwala kwambiri, ndipo kamathandiza m'nyumba ya mdima kapena madzulo. Apanso yakale inapambana, ngakhale kuti m'zaka khumi zimene zinadutsa pakati pao opanga anaphunzira zambiri, ndipo kusiyanako sikwakukulu monga kale.

Cithunzi ca kamera zotere cimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono. Yakale imalemba timadontho 12 miliyoni, yatsopano 24 miliyoni. Anyamata anaomba m'manja kuti yatsopano yaposa kawiri. Koma tinawauza kuti asafulumire. Cithunzi ca papepala ca masentimita 10 ndi 15, cimene anthu amakonda kusunga m'nyumba, cimatuluka bwino ndi timadontho 2 miliyoni cabe. Kacithunzi ka nkhope kamafuna tocepa kuposa pamenepo. Pa nchito yathu makamera onse awiri ali ndi timadontho tokwanira ndi kutsala. Nambala yaikulu siyeneranso kutiopsa kapena kutinyenga.

Tsono tinafika pa citseko. M'kati mwa kamera muli kacitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka nthawi iriyonse tikajambula. Kacitsekoka kamatha, monga mmene cheni ca njinga cimathera. Opanga anayesa ka yakale ija kufika maulendo 150,000. Kamera imasunga yokha ciwerengero ca maulendo amene yajambula, ndipo munthu angathe kuciona pa kompyuta. Mlongo wathu uja anationera. Yakale inali itajambula maulendo 131,000. Yatsopano inali isanafike 9,000.

Tinapatsa coko agogo ena amene anayamba sukulu caka catha. Anacotsera pang'onopang'ono, nalemba 19,000. Tinafotokoza kuti nambala imeneyi si tsiku la maliro. Zitseko zina zimapitirira patali, zina zimafa msanga. Koma abambo apampando anati, "Ng'ombe yokalamba ikhoza kukoka ngolo zaka zina ziwiri. Koma ukamaigula umayang'ana mano, ndipo sulipira ndalama zako zonse."

Panatsala zinthu zina zing'onozing'ono, zimene poyamba sitinaziganizire. Zithunzi zimasungidwa pa kadi. Yakale imafuna kadi lalikulu lochedwa CompactFlash, limene m'misika yathu sitinalionepo. Yatsopano imalandira kadi la SD, limene limapezeka m'masitolo ambiri. Batire la yakale, likakhala latsopano, limajambula zithunzi pafupifupi 1,000. La yatsopano limafika 1,550. M'mudzi mwathu mulibe magetsi. Timakachaja kumsika, ulendo wa maola awiri pa njinga. Kwa ife batire lokhalitsa ndi nkhani yaikulu.

Yakale sijambula kanema. Yatsopano imajambula, pamodzi ndi mau. Amayi anakondwa, cifukwa amafuna kusunga nyimbo za pamtondo ndi nthano za agogo. Yatsopano imathanso kutumiza zithunzi ku foni popanda cingwe.

Cotsiriza ndico cinatsegula maso athu. Wogulitsa anali atanena kuti yakale akugulitsa thupi lokha, popanda lenzi. Yatsopano inali ndi lenzi yake ya mamilimita 18 mpaka 55. Kamera yopanda lenzi iri ngati khasu lopanda mpini. Tikanagula yakale tikanabwera nayo kumudzi osajambula ngakhale cithunzi cimodzi, kufikira titakolola mbatata ina.

Titamaliza kulemba, agogo aja anaimirira nati, "Aphunzitsi, ndifunse. Cinthuci adzacigwira ndani? Inu nokha?"

Tinakhala cete. Mumtima mwathu tinali titaganiza kuti wojambula tidzakhala ife. Koma ndalama zinali za anthu 24. Mbatata anakumba ndi iwo. Aphunzitsi amasamutsidwa, ena amakwatira kutali. Ife tikadzacoka, kamera idzatsala m'manja mwa ophunzira. Yakale iri ndi mabatani ambiri, oyenera munthu wozolowera. Yatsopano iri ndi ocepa, ndipo imaonetsa malangizo pa galasi lake, m'Cipwitikizi comwe. Munthu amene waphunzira kuwerenga angathe kuwatsata.

Tinayankha kuti, "Agogo, mwanena zoona. Adzaigwira ndinu nonse."

Pamenepo tinawauza nkhani ya Ricardo Rangel, wojambula wamkulu wa dziko lathu. Anabadwa mu 1924, namwalira mu 2009. M'caka ca 1973, nthawi ya atsamunda, anajambula mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake anamuocha pamphumi ndi citsulo coikira cizindikiro pa ng'ombe. Cithunzi cimeneco cikudziwikabe mpaka lero. Anacijambula ndi filimu, pakuti kamera za timadontho kunalibe. Yoyamba yeniyeni anaipanga Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America mu 1975, caka cimene Mozambique inalandira ufulu. Inkalemera makilogalamu 3.6, inkalemba timadontho 10,000 tokha, ndipo cithunzi cimodzi cinkatenga masekondi 23 kuti cisungidwe. Makamera onse awiri amene tinkakambirana amaiposa kutalitali. Cimene cinapatsa mphamvu cithunzi ca Rangel si kukula kwa makina. Iye anapita kumene kunali mnyamatayo, naona, nalimba mtima.

Tinakweza manja. Anthu 19 anasankha yatsopano, 5 anasankha yakale. Asanuwo sanalakwe. Munthu amene ali kale ndi malenzi, amene amakhala pafupi ndi magetsi ndi okonza makina, amenenso amajambula usiku kapena pamvula, angacite bwino kutenga yakale. Ndi kamera yabwino ndithu. Koma ife si munthu ameneyo.

Sabata yotsatira tinabwerera ku Tete. Tisanalipire tinajambula khoma loyera kuti tione ngati kagalasi kali ndi madontho a litsiro. Tinayesa mabatani onse. Tinapempha risiti, ndipo amayi osunga cuma anaiwerenga okha mokweza, liu ndi liu. Atatha anamasula mfundo ya citenje.

Cimene tinataya tikucidziwa. M'chalichi mukakhala mdima, zithunzi zina zimatuluka zosaoneka bwino. Taphunzira kutulutsa anthu panja, pamthunzi wa mtengo, kapena kuwaimika pafupi ndi zenera. Pothana ndi fumbi ndi mvula, amayi anasoka thumba la nsalu ziwiri, ndipo kamera imagona m'ndowa ya civindikiro. Tiri ndi kope lake. Wotenga kamera amalemba dzina lake, tsiku, ndi ndalama imene yalowa. Amene sanadziwe bwino kulemba akucita khama, cifukwa aliyense akufuna kuigwira.

Cithunzi coyamba anajambula ndi amayi osunga cuma. Manja ao ananjenjemera, ndipo cinatuluka copendekeka pang'ono. Pa cithunzico pali agogo aja, ataimirira pafupi ndi bolodi pamene analemba 19,000. Tinakacitsukitsa ku Ulongué. Ciri pakhoma la sukulu yathu.

Anzathu ophunzira, mawa gulu lanu lidzafuna kugula njinga, mpope wothirira kapena makina osokera. Mudzapeza cakale colimba ndi catsopano copepuka. Musafunse kokha kuti camphamvu ndi citi. Funsani kuti nchito yanu ndi yotani, adzacigwira ndani, cagwira kale nchito yocuruka bwanji, ndipo zipangizo zake mudzazipeza kuti. Lembani mayankho pa bolodi, muwerenge pamodzi, kenaka mumasule ndalama.

Mafunso okambirana

1. Kamera yakale inapambana pa zinthu ziti?
2. Cifukwa ninji gulu linasankha yatsopano?
3. Cotsani 131,000 pa 150,000.
4. Chulani cida cimodzi cimene munagula osafunsa. Cinacitika ndi ciani?