Lupanga M'dzanja la Wansembe

Pamene ndinali kutumikira ku Leeds, m'dziko la England, ndinamva za buku lotchedwa I.33, limene limasungidwa ku Royal Armouries. Linalembedwa m'Chilatini ku Germany cha m'ma 1300, ndipo mwa mabuku a ku Ulaya ophunzitsa kumenyana ndi lupanga amene alipo lero, lakale koposa ndi limeneli. Chinandizizwitsa n'chakuti mphunzitsi wojambulidwamo ndi wansembe, atagwira lupanga ndi kachishango.

Podalira Chilatini cha ku seminale, ndinaitana anzanga anayi kuti tiziliphunzira m'holo ya parishi, titavala zotchinga kumaso, malupanga amtengo ali m'manja. Mayi wina wachikulire anandifunsa kuti, "Bambo, kodi Petulo sanauzidwe kubweza lupanga m'chimake?" Ndinasowa poyankha.

Bukulo limayamba ndi maimidwe 7, ndipo kachishango kamayenda pamodzi ndi dzanja logwira lupanga kuti kaliteteze. Koma ine, pofuna kuoneka katswiri, ndinathamangira kukantha, mpaka ndinavulaza chala cha mnyamata amene ndinali kuyeseza naye. Usiku umenewo ndinaganiza zothetsa gululo. Sabata yotsatira mnyamatayo anabweranso, chala chili chomanga, naimanso patsogolo panga.

Pamenepo maso anga anatseguka. Luso ili munthu saphunzira yekha. Mnzako amakubwereka thupi lake, nakhulupirira kuti udzaletsa dzanja lako. Kukantha ndinali kudziwa kale. Chimene ndikuphunzirabe, ndiponso yankho langa kwa mayi aja, ndicho kuimitsa lupanga lisanafike pa mbale wanga.