Ulendo Wokapuma ku Nkhotakota

Anthu a kwathu sayenda chabe. Munthu akatseka chitseko cha nyumba yake nasenza katundu, anzake amadziwiratu kuti kwagwa kanthu. Kapena kuli maliro, kapena ukwati, kapena wodwala ali m'chipatala, kapena mlandu uli kubwalo. Ena amayenda kukafuna ntchito, ena kukagulitsa mbewu. Koma munthu wonena kuti, "Ndikupita kukapuma," anthu amamuyang'ana modabwa, pakuti kwa ife kupuma ndiko kukhala pakhonde dzuwa litapendeka, ndipo sikulira ndalama.

Ine ndi akazi anga tapangana kuchita chinthu chachilendo chimenechi. M'mwezi wa Sepitembala tidzapita ku Nkhotakota, kwa asodzi, kukakhala masiku 5 popanda ntchito iliyonse. Ndifuna kukuuzani, inu amene mukuwerenga kabuku kano, mmene takonzera ulendowu. Ndaona kuti ulendo wopanda chokakamiza ndiwo ufuna kukonzedwa bwino koposa maulendo onse. Wopita kumaliro sazengereza: amakongola ndalama usiku womwewo nanyamuka. Koma wopita kokapuma amati "mawa", ndipo kukacha amatinso "mawa", kufikira ndalama zonse zitathera ku zinthu zina.

Ife kwathu ndi ku Dowa. Takhala pabanja zaka 36, ndipo talera ana 6. Kunja kukayera bwino, munthu woima pamwamba pa mapiri a kwathu amaiona nyanja kutali kum'mawa, ili ngati nsalu yoyanika. Akazi anga aiona chotero kuyambira ubwana wawo, koma madzi ake sanawapondepo. Chaka chatha adokotala anawapeza ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, nawauza kuti achepetse mchere, ntchito ndi nkhawa. Mchere anachepetsa. Koma ntchito sichepa mayi ali pakhomo pake, chifukwa mtondo, mtsuko ndi adzukulu zimamuitana kuyambira tambala woyamba. Mayi wotere kuti apume, ayenera kuchoka pakhomo.

Ine nyanja ndimaidziwa, popeza zaka 9 ndinali wogula usipa ndi kukaugulitsa m'misika ya kumtunda. Pamene ndinawauza maganizo anga, iwo anati, "Abambo, tikatani kumeneko? Kuli yani wathu?" Ine ndinati, "Kuli nyanja, amayi. Mukaione pafupi, ndipo mukadye nsima yophika wina." Iwo anaseka, nati, "Nanga feteleza?"

Funso limeneli linali loyenera, kotero tinayambira pomwepo. Titagulitsa mtedza ndi soya, tinapatula ndalama ya feteleza ndi ya mbewu, ndipo imeneyo sitiikhudza. Ya ulendo yachokera pa zotsala, pa mbuzi imodzi imene tagulitsa, ndi pa kandalama kamene akazi anga anasunga ku banki mkhonde. Ndalamayi taigawa panayi: ya galimoto, ya malo ogona, ya chakudya, ndi ya zogwa mwadzidzidzi. Ya galimoto yobwerera ili payokha pa foni ya akazi anga, kuti ingakomedwe ndi chambo. Mitengo ya zinthu imasintha kawirikawiri, chifukwa chake tidzafunsanso mitengo sabata imodzi tisananyamuke. Munthu amene wapita kokapuma ndi ndalama ya ngongole sapuma, chifukwa mwini ndalama amagona naye pamphasa imodzi.

Zitatha za ndalama, tinasankha nyengo. Apa mlendo sayenera kutsata zofuna zake zokha, pakuti nyanja ili ndi nyengo zake. Asodzi amazidziwa mphepo ndi maina: mwera wochokera kummwera, mpoto wochokera kumpoto, vuma wochokera kum'mawa, ndi zambwe wochokera kumadzulo. Yoopsa ndi mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, nthawi zina masiku angapo osaleka. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo inagona kuchokera kummwera kulinga kumpoto. Tsono mwera umapeza njira yaitali yopanda chotchinga, nuutsa mafunde aakulu. Pa 30 Julayi 1946 sitima yotchedwa Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi pa mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Masiku a mwera mabwato ambiri amakhala pamtunda, nsomba zimasowa, ndipo mchenga umalowa m'maso ndi m'chakudya.

Okutobala ndi Novembala ndi miyezi ya dzuwa loswa mtengo. Nyanja ili pamalo otsika, mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene ife a ku Dowa timakhala pamtunda wa mamita oposa 1,200. Munthu wozolowera kamphepo ka kumapiri amavutika kugona kunyanja m'miyezi imeneyi, makamaka wodwala. Ndiponso nthawi imeneyo minda imakhala ikutidikira. M'dzinja ku Nkhotakota kumagwa mvula yambiri, mitsinje imadzaza, ndi udzudzu umachuluka. Watsala ndi Sepitembala: mwera wafooka, kutentha sikunafike pachimake, dzinthu zili m'nkhokwe, ndipo khasu likadapuma.

Palinso chinthu china chimene anthu a kumtunda ambiri sachidziwa, ndicho mwezi wa kumwamba. Usipa amaupha usiku ndi nyali. Munthu mmodzi amakhala m'bwato ndi nyali zowala, usipa umasonkhana pa kuwalako, ndipo anzake amauzinga ndi ukonde wotchedwa chilimira. Ntchito imeneyi imayenda bwino pa mdima. Masiku a mdima nyali zimandanda panyanja ngati mudzi waukulu, ndipo m'mamawa pagombe pamadzaza ogula, onyamula, ofutsa ndi oyanika pa thandala. Koma mwezi ukawala mbee, nyali sizikopa nsomba, ndipo asodzi ambiri amakhala pamtunda kusoka maukonde ndi kumata mabwato. Kotero wofuna nsomba zotsika mtengo apite pa mdima, koma wofuna bata apite mwezi ukuwala. Ife tidzafika mwezi uli wathunthu. Masiku oyamba pagombe padzakhala zii, ndipo pofika tsiku lotsiriza mwezi udzakhala ukuchedwa kutuluka, mwina akazi anga adzaonako nyali za asodzi madzulo.

Njira yathu ndi ya ku Salima. Tidzatsika mapiri ndi basi ya m'mawa, ndipo ku Salima tidzakwera ina yolowera kumpoto, mtunda wa makilomita oposa 100. Tisanafike pa boma tidzaoloka mlatho wa pa Chia, pamene thamanda lalikulu limakumana ndi nyanja, ndipo amalonda amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu. Tidzanyamuka m'mawa kuti tikafike dzuwa likadalipo, chifukwa mlendo wofika usiku amalandira chipinda chilichonse chimene ampatsa.

Za malo ogona zinatitengera masiku. Ndili ndi bwenzi kumeneko, msodzi wokalamba amene ndinkagula kwa iye usipa. Nditamuimbira foni anati, "Achimwene, nyumba ilipo. Mukagona kwina ndiye mwanditukwana." Mawu okoma ndithu, koma ndinamupepesa. Mayi wa kwathu sangakhale pamkeka mwini nyumba akusinja. Tsiku loyamba adzamuletsa, lachiwiri adzatola tsache, lachitatu mudzampeza ali kumoto ndi mthiko m'manja. Pamenepo ulendo wonse wapita pachabe. Bwenzi langa anamvetsa, ndipo anavomera kutifunira chipinda m'nyumba yogona alendo. Nyumba zokongola za m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ndi zodula, ife sitingazithe. Ndinamupempha zinthu zinayi zokha: chipinda chokhala ndi masikito wosang'ambika, chimbudzi chaukhondo, madzi abwino pafupi, ndi malo otalikirana ndi mabala a mowa. Kwa iye tidzapita kukacheza, titatenga nyemba, mtedza ndi ufa woyera, pakuti kunyanja ambiri amadya kondowole ndi mpunga, ndipo ufa wa chimanga amaulandira ndi manja awiri.

Nyanja ili ndi zokoma, koma ilinso ndi zoopsa zimene munthu angathe kuzipewa. Choyamba ndi malungo. Tidzagona m'masikito usiku uliwonse, ndipo tatenganso wathu wa kunyumba. Chachiwiri ndi likodzo. Tizilombo take timakulira m'nkhono zazing'ono za m'madzi osaya, pamene pali bango ndi udzu, ndipo timalowa pakhungu la munthu wosamba kapena wochapa. Tidzapewa malo otero, ndipo patapita milungu ingapo titabwerako tidzapita kuchipatala kukayezetsa, pakuti mankhwala ake alipo. Chachitatu ndi madzi akumwa. M'zaka za 2022 ndi 2023 kolera anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma sitidzamwa osawiritsa kapena osathira mankhwala. Chachinayi ndi ng'ona ndi mvuu, zimene zimakonda mathiriro a mitsinje ndi m'mabango. Eni mudzi amadziwa pamene pali posamba ndi pamene palibe. Akulu anati safunsa anadya phula. Mankhwala a akazi anga ndi buku lawo la kuchipatala ndizo zidzayamba kulowa m'chikwama.

Tiyeneranso kukumbukira kuti malo amene ife tikukapumako, kwa eni ake ndi pantchito. Gombe ndilo munda wa msodzi. Ukonde woyanika saulumpha, nsomba za pa thandala sazigwiragwira ngati sugula, ndipo munthu samujambula osapempha. Amuna ali ndi posamba pawo, akazinso pawo. Ku Nkhotakota kuli Asilamu ambiri, ndipo mbandakucha kumamveka kuitana kwa kumzikiti. Lachisanu masana ena amatseka malonda awo kupita kokapemphera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri yake imatsala.

Nanga masiku 5 amenewo tidzachita chiyani? Talemba zochepa dala. M'mawa tidzapita kugombe kukaona dzuwa likutuluka m'madzi, chifukwa Nkhotakota ali kutsidya la kumadzulo ndipo amayang'ana kum'mawa. Masana tidzadya mpunga ndi chambo kapena kampango, kenaka kugona. Madzulo tidzakhala pamchenga. Tsiku limodzi lokha ndilo talipatula kuti tikaone za kale.

Mudzi umenewu, umene mabuku akale amaulemba kuti Kota Kota, sunali wabata nthawi zonse. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah, amene anayamba ufumu wa a Jumbe. Malonda awo anali a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda ankawasonkhanitsa pano, nawaolotsa nyanja m'zombo zamatanga, ndipo kutsidyako ankayenda pansi kufikira ku Kilwa, kunyanja yamchere. Ambiri mwa iwo anali Achewa. David Livingstone anafika kuno mu 1861 nabweranso mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene anthu amati anakhala patsinde pake pokambirana ndi Jumbe amausonyezabe alendo. Mphamvu ya a Jumbe inatha m'zaka za m'ma 1890. Mishoni ya Anglican inayamba mu 1894, ndipo m'tchalitchi chake muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895. Ndifuna kuti akazi anga akaime pagombe limenelo ndi kudziwa kuti panali masiku amene anthu a kumtunda ankafika pamenepo atamangidwa magoli m'khosi. Ife tidzafika ndi miyendo yathu, ndipo tidzabwerera kwathu tsiku limene tasankha tokha.

Zina tazisiya. Kufupi ndi boma kuli nkhalango yosungiramo nyama, kumene m'zaka za 2016 ndi 2017 anabweretsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mwana wathu wamkulu anati tikaone, koma kumeneko kufuna galimoto ndi ndalama zina. Sitidzakweranso bwato, ndipo sindidzagula usipa wokagulitsa, ngakhale mtengo utatsika chotani. Munthu akaika malonda m'kati mwa ulendo wopuma, malondawo ndiwo amalamula nthawi yodzuka ndi yonyamuka.

Pakhomo tasiya zonse m'manja. Mpongozi wathu adzayang'anira nyumba ndi nkhuku, mdzukulu wamkulu adzadyetsa mbuzi. Ana tawauza kuti atiimbire foni pokhapokha pakagwa matenda kapena zovuta. Nkhani ya mchere umene watha kapena mbuzi imene yalowa m'dimba la eni idzatidikira.

Ndikudziwa kuti ena m'mudzi akunena kuti taononga mbuzi. Mlamu wanga anandiuza pamaso kuti ndalama imeneyo ikanagula malata awiri. Sananame, ndipo malata ndi chinthu chabwino. Koma ndaona mbuzi zambiri zikuphedwa pa maliro a amayi amene sanapumepo ali moyo, ndipo palibe amene anati mbuzizo zaonongeka. Ine ndasankha kuti mbuzi ya akazi anga aidye iwo eni, maso ali penye.

Inu amene muli ndi mayi, bambo kapena mnzanu wa pabanja amene watopa ndi zaka, musadikire kuti mulemere. Yambani ndi kupatula ya feteleza. Kenaka sankhani mwezi, tchulani tsiku, ndipo muuze anthu awiri kapena atatu, kuti manyazi akuletseni kubwerera m'mbuyo. Funsani eni nyanja za mphepo ndi za posamba. Ngati masiku 5 akuchulukirani, atatu akwanira. Akazi anga asoketsa kale chilundu chatsopano, ndipo madzulo aliwonse amatuluka panja kukaona pamene mwezi wafika.