Chilembo Chimodzi Chokha

Mwana wathu wamkazi wa zaka 12 ndiye adatikokera ku kompyuta. Malume ake adampatsa laputopu yakale, ndipo iye adayamba kuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu chomwe Guido van Rossum adatulutsa mu 1991. Madzulo tikatsuka mbale tinkakhala naye pamphasa, ife tikumukonzera zoti alembe, iye akutayipa.

Tsiku lina tidafuna pulogalamu yofunsa munthu makapu a madzi omwe wamwa, poti kumwa madzi okwanira ndi nkhani yomwe timaphunzitsa kumpingo. Pulogalamuyo idakana kugwira ntchito. Tidayesa kasanu, osatheka. Mtima udatitentha, ndipo tidamukalipira: "Iwe, maso akowo ndi a chiyani?" Adatseka laputopu n'kukagona osatsanzika.

M'mawa mwake sadaikhudze. Tsiku lotsatiranso chimodzimodzi. Tidayamba kuopa kuti chidwi chake tachipha ndi pakamwa pathu.

Usiku wachitatu tidaitsegula tokha n'kuwerenga modekha uthenga womwe tinkangoudumpha. Padalembedwa NameError, komanso nambala ya mzere womwe udali ndi vuto, mzere woyamba. Pamenepo padali Print, P wake wamkulu. Python imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, choncho imadziwa print yekha. Titayang'ana pepala lomwe tidampatsa, tidachita manyazi. P wamkuluyo tidalemba ndife, monga tidaphunzirira kusukulu poyamba chiganizo. Mwana adangokopera zomwe adaona.

Kompyuta idaloza mzere wolakwika, pomwe ife tidaloza mwana. Lemba la Aefeso 6:4, lochenjeza makolo za kukwiyitsa ana, timalidziwa bwino, koma usiku uja lidatithawa.

Kutacha tidamupepesa. Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Chabwino amayi, koma lero mutayipe ndinu." Pamzere wachiwiri pomwe tidaiwala kutseka mkodolamawu, ndipo padatuluka SyntaxError. Sadatikalipire. Adangoika chala pamalopo, uku akudzigwira pakamwa kuti asaseke.

Tsopano tidagwirizana zinthu zitatu. Pulogalamu ikakana, timayamba tawerenga uthenga wonse mokweza. Kenaka timaona mzerewo chilembo ndi chilembo. Zikakanikabe timadzuka, kupumitsa maso, kumwa madzi, n'kubwererako mawa. Lachisanu dzuwa likamalowa laputopu imatsekedwa, kaya vuto latha kaya ayi.

Pulogalamu ya madzi ija ikugwira ntchito. Dzulo idatifunsa makapu omwe tamwa, ndipo mwana adaima pambali kudikira kuti tiyankhe zoona.